Mtengo wobisika wa mapulogalamu a crack m'makompyuta athu

Munthu akagula laputopu yogwirapo kale ntchito pa Kasungu boma, kapena akaitanitsa kwa m'bale wake wa ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, kawirikawiri imafika ili ndi zonse mkati: Windows, Microsoft Office, Photoshop, CorelDRAW, mwinanso masewera a mpira oti ana azisangalala nawo. Wogula safunsa kuti zimenezi zinalowamo bwanji, ndipo wogulitsa naye sanenapo kanthu. Tsiku limene kompyutayo yayamba kuvuta, mwini wake amapita nayo kwa mnyamata wokonza makompyuta, yemwe amaifomata n'kuikamo zonse mwatsopano kuchokera pa hadi disiki yake, pa ndalama imene singagule ngakhale laisensi ya pulogalamu imodzi. Umu ndi mmene makompyuta ochuluka amayendera m'mashopu otaipa ndi kusindikiza makalata, m'malo obenera nyimbo, m'maofesi a sukulu zoima pazokha, a mipingo ndi a makalabu a alimi, kaya ndi ku Santhe, pa Chinkhoma, ku Mtunthama kapena ku Nkhamenya.

Zifukwa zake n'zomveka ndipo si bwino kuzinyoza. Mapulogalamu akuluakuluwa amagulitsidwa m'madola, ndipo ambiri masiku ano sagulidwanso kamodzi n'kukhala ako, koma amalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, monga inayambira kuchita kampani ya Adobe mu 2013. Kuti munthu alipire pa intaneti amafunika khadi la banki lololedwa kugula kunja, pamene ndalama zakunja zakhala zikusowa m'dziko muno kwa zaka zingapo, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa chilichonse cholipiridwa m'madola unalumpha tsiku limodzi. Mnyamata amene amapeza chakudya pokonza makhadi a ukwati ndi timapepala ta mwambo wa maliro sangauzidwe kuti angosiya Photoshop popanda kumusonyeza kolowera. Lamulo lilipo: Copyright Act ya 2016 imateteza mapulogalamu a kompyuta monga imatetezera nyimbo ndi mabuku, choncho kuwakopa ndi kuwagulitsa popanda chilolezo ndi mlandu. Komabe mantha a lamulo sanaletse anthu ambiri, ndipo chimene chiyenera kumusowetsa tulo mwini kompyuta ndi zimene pulogalamu yothyoledwa kuti igwire ntchito popanda laisensi imabwera nazo.

Pulogalamu yogulitsidwa imakhala ndi kachigawo kamene ntchito yake ndi kufunsa ngati woigwiritsa ntchito analipira. Othyola mapulogalamu amalimbana ndi kachigawo kameneka m'njira zingapo. Ena amasintha fayilo yeniyeni ya pulogalamuyo kuti funsolo lisamafunsidwenso, ndipo imeneyi ndiyo imatchedwa crack kapena patch. Ena amapanga kapulogalamu kotulutsa manambala onamizira a laisensi, kotchedwa keygen. Pa Windows ndi Office njira yofala ndi ya activator, monga ija yotchuka ya KMSPico, imene imapezerapo mwayi pa dongosolo limene Microsoft inakonzera mabungwe okhala ndi makompyuta ambirimbiri, loti m'malo moti kompyuta iliyonse izilankhula ndi Microsoft payokha, onse azitsimikizidwa ndi kompyuta imodzi ya bungwelo. Activator imanamiza Windows kuti kompyuta yoteroyo ilipo, ndipo popeza chitsimikizo chotere chimatha pakapita masiku 180, kapulogalamuko kamakhazikika mkati n'kumadzidzutsa kokha nthawi ndi nthawi kuti kabwereze bodzalo. Njira zimenezi pafupifupi zonse zimafuna chinthu chimodzi kuti zitheke: mphamvu zonse pa kompyuta, zija za administrator, zimene zimalola pulogalamu kuwerenga, kusintha, kufufuta ndi kuika chilichonse.

Aliyense amene anaonererapo pulogalamu yotere ikuikidwa amaudziwa mwambo wake. Fayilo imabwera yotsekeredwa mu zip kapena rar yokhala ndi pasiwedi yosavuta ngati 123, yolembedwa poyera pa webusaiti pomwepo. Mkati mumakhala kakalata kotchedwa Readme kokhala ndi malangizo: zimitsani antivirus, chotsani intaneti, tsegulani fayiloyi ndi mphamvu za administrator, Windows ikakufunsani muvomere, ndipo mukamaliza muuze antivirus kuti isamayang'ane mu foda imeneyi. Pasiwedi ija sinaikidwe pofuna kuteteza inu, popeza aliyense akuiona. Inaikidwa kuti antivirus ndi browser zilephere kuona za mkati fayiloyo ikamalowa. Mafayilo ena amatupitsidwa dala ndi zinthu zopanda ntchito, chifukwa zida zina zofufuzira mavairasi zimadumpha mafayilo aakulu kwambiri. Ndiye taganizirani. Wakuba wa pa intaneti amene akufuna kulowa m'kompyuta ya munthu wosamala amavutika kufunafuna mpata, kulemba maimelo onyenga ndi kudikira kuti wina alakwitse, koma kwa munthu woika crack savutika chonchi, chifukwa mwini wake amachotsa yekha chitetezo chilichonse, chimodzichimodzi, motsatira malangizo amene wakubayo analemba.

Okonza makompyuta ambiri amayankha kuti antivirus imakuwa pachabe, kuti makampani anaiphunzitsa kudana ndi crack iliyonse pofuna kuteteza malonda awo. M'mawu amenewa muli kachoonadi. Microsoft Defender, antivirus imene imabwera ndi Windows, imatcha ma activator ambiri kuti HackTool, dzina losonyeza chida chothyolera osati vairasi yeniyeni, ndipo ilipodi crack imene sichita china koposa kuthyola laisensi. Vuto ndi lakuti munthu wamba, ngakhalenso wokonza makompyutayo, alibe njira yosiyanitsira crack yoteroyo ndi inzake imene yasakanizidwa ndi zina. Fayilo imene ili pa hadi disiki ya wokonzayo inadutsa m'manja ambiri isanafike ku Kasungu, ndipo aliyense mwa anthuwo anali ndi mwayi woonjezeramo zake. KMSPico imene anthu amaikhulupirira ili ndi mawebusaiti ambirimbiri odzitcha eni ake enieni, ndipo mu December 2021 akatswiri a kampani ya Red Canary anafotokoza za mtundu wina wa activator imeneyi umene unkathyoladi laisensi monga mwa lonjezo, koma mwakachetechete unkaikanso pulogalamu yakuba yotchedwa Cryptbot. Munthu akazolowera kuti antivirus imanama, tsiku limene idzanene zoona adzaizimitsanso.

Funso limene limatsegula nkhani yonseyi ndi lakuti munthu amene amalipira webusaiti, kukonza mafayilo, kujambula mavidiyo a pa YouTube olangiza mmene mungapezere Photoshop yaulere, ndi kuonetsetsa kuti tsamba lake lizikhala pamwamba mukafufuza pa Google, amapindula chiyani. Kale analipo anthu othyola mapulogalamu pofuna kungotchuka pakati pa anzawo, ndipo mwina ena akadalipo, koma mawebusaiti ambiri amene munthu amagweramo akalemba mawu oti free download ndi malonda enieni. Eni ake amalipidwa ndi magulu a akuba malinga ndi kuchuluka kwa makompyuta amene alowetsamo mapulogalamu oipa, moti fayilo imodzi ikhoza kubweretsa alendo atatu kapena anayi a eni osiyanasiyana. Ubale wa mavairasi ndi kukopa mapulogalamu ndi wakale ndithu: vairasi yoyamba kufala pa makompyuta a mtundu wa IBM PC, yotchedwa Brain, inalembedwa mu 1986 ndi abale awiri a ku Lahore m'dziko la Pakistan, Basit ndi Amjad Farooq Alvi, amene ananena kuti ankafuna kutsata anthu okopa pulogalamu yawo. Iwo analembamo ngakhale adiresi ndi nambala zawo za foni. A masiku ano sasiya dzina.

Mlendo wofala kwambiri tsopano ndi pulogalamu yoba zinsinsi. Ikangodzutsidwa imalunjika kumene Chrome, Edge kapena Firefox amasunga mapasiwedi n'kutenga onse, imatenganso timafayilo tija totchedwa cookies, timene timachititsa kuti Facebook kapena Gmail isamakufunseni pasiwedi tsiku lililonse, imajambula sikirini, imatola zikalata zina za pa desktop, kenako imatumiza zonse kwa mwini wake. Ntchito yonseyi imatha m'kanthawi kochepa, ndipo mitundu ina imadzifufuta yokha ikamaliza, moti antivirus imene mwaiyatsanso pambuyo pake sipeza kanthu. Za cookies n'zofunika kuzimvetsa bwino, chifukwa wakuba amene watenga timafayilo timeneti akhoza kulowa mu akaunti yanu ngati kuti ndi inuyo mwangotsegulanso kompyuta, osafunsidwa pasiwedi kapena nambala yotumizidwa pa foni. Mapulogalamu oterewa ali ndi maina monga RedLine, Vidar, Raccoon ndi Lumma, ndipo eni ake amawabwereketsa kwa akuba ena pa malipiro a pamwezi. Microsoft inanena kuti pakati pa 16 March ndi 16 May 2025 inapeza makompyuta a Windows oposa 394,000 padziko lonse okhala ndi Lumma yokha.

Ena amati, ine ndilibe ndalama ku banki yakunja, adzandibera chiyani? Wakubayo sasankha munthu, amangokolola zonse n'kukagulitsa kwa ena amene amadziwa chochita nazo. Akaunti ya Facebook ya abusa, ya aphunzitsi aakulu kapena ya mayi wodziwika pa msika ili ndi mtengo chifukwa anthu amaikhulupirira, ndipo amene wailanda amalembera abale ndi abwenzi kuti wagwa m'mavuto, amutumizire ndalama pa nambala yakutiyakuti. Imelo imatsegula maakaunti ena onse, popeza pasiwedi iliyonse yoiwalika imabwezeretsedwa kudzera mmenemo. Chithunzi cha chiphaso cha unzika chimene chinasiyidwa pa desktop chikhoza kugwira ntchito m'manja mwa munthu wodzinamizira kuti ndi inu. Ndipo msungichuma wa kalabu ya alimi amene amalowa mu akaunti ya ku banki pa kompyuta yomweyo m'nyengo yogulitsa fodya amakhala ataika pangozi ndalama za anthu amene kompyutayo sanaionepo n'komwe.

Mlendo wachiwiri sabisala. Ransomware imatseka mafayilo onse ndi masamu osatheka kuwamasula popanda kiyi, n'kusiya kalata yofuna dipo. Amalawi ambiri anamva za zotere mu February 2024, pamene mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowedwa ndi akuba a pa intaneti amene ankafuna dipo. Koma ulipo mtundu wina umene sulimbana ndi maboma kapena makampani akuluakulu, umasaka anthu wamba, ndipo njira yake yaikulu ndi ma crack ndi ma activator. Umatchedwa STOP kapena Djvu, ndipo wakhala ukufala kuyambira cha mu 2018. Zizindikiro zake n'zosasokoneza: dzina la fayilo lililonse limaonjezeredwa zilembo zachilendo kumapeto, nthawi zambiri zinayi, palibe chithunzi kapena chikalata chimene chimatseguka, ndipo pamaoneka kafayilo kotchedwa _readme.txt, kamene kwa zaka zambiri kankalamula madola 980, kapena 490 kwa wofulumira pasanathe maola 72. Wojambula amene wasunga vidiyo ya ukwati wa anthu pa kompyuta imodzi yokha, kapena mlembi wa sukulu amene wasunga zotsatira za mayeso a teremu yonse, ndalama imeneyi sangaione, ndipo ngakhale atalipira palibe chotsimikiza kuti kiyiyo ibwera. Kufomata kumachotsa vairasi koma sikubweza mafayilo. Kampani ya Emsisoft inatulutsa mu 2019 chida chaulere chimene chimamasula mitundu ina yakale, koma mafayilo otsekedwa ndi mitundu yatsopano nthawi zambiri samasuka, ndiponso STOP imakonda kubwera limodzi ndi pulogalamu yoba mapasiwedi, choncho munthu amaluza pawiri.

Wachitatu amaba mphamvu za kompyutayo. Mu June 2021 kampani ya Avast inafotokoza za Crackonosh, imene inkabisidwa m'masewera othyoledwa monga Grand Theft Auto V ndi Pro Evolution Soccer 2018, ndipo inali italowa m'makompyuta oposa 220,000 n'kupezera eni ake ndalama za pa intaneti zotchedwa Monero zokwana pafupifupi madola 2 miliyoni. Inkayamba yadikira kuti kompyuta izimitsidwe ndi kuyatsidwa kangapo, kuti mwini wake asakayikire masewera aja, kenako inkachotsa antivirus, kuletsa ma update a Windows, ndi kuika kachizindikiro konamizira pakona ya sikirini kuti chitetezo chizioneka ngati chikadalipo. Zotsatira zake zimaoneka ngati ukalamba wa kompyuta: fani ikulira osapuma, laputopu ikutentha pamiyendo, batire likutha msanga pa nthawi imene magetsi azima ndipo makasitomala akudikira. Mwini wake amangoti laputopuyi yatopa, n'kuyamba kusunga ndalama zogulira ina. Apa m'pamene ambiri timasokonezeka, chifukwa tinazolowera mavairasi akale aphokoso, obisa mafoda ndi kutsegula zinthu osawatuma, ndiye timaganiza kuti kompyuta imene ikuyaka ndi kutsegula Word ndi yoyera. A masiku ano ali ngati nankafumbwe m'thumba la chimanga: kunja thumba limaoneka lodzaza, mwini wake amazindikira tsiku lopita kuchigayo.

Palinso ngozi ina imene imabwera ngakhale crack itakhala yoyera. Pulogalamu iliyonse yaikulu imakhala ndi zibowo zimene eni ake amazitulukira pang'onopang'ono n'kumazitseka kudzera mu ma update, amene Microsoft imatulutsa mwezi uliwonse. Woika Windows yothyoledwa amakonda kuzimitsiratu ma update poopa kuti crack ingazindikirike, ena amawazimitsa pofuna kupulumutsa bandulo, ndipo ma Windows ena opepukitsidwa amene amayenda m'mafulashi amabwera atachotsedweratu Defender ndi Windows Update. Zimene zimaichitikira kompyuta yosatsekedwa zibowo dziko linaziona pa 12 May 2017, pamene ransomware yotchedwa WannaCry inafala yokha popanda munthu kudina kanthu, n'kugwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150, kuphatikizapo zipatala za ku Britain zimene zinachita kubweza odwala. Chibowo chimene inalowera Microsoft inali itachitseka kale mu March chaka chomwecho, ndipo amene anagwidwa ndi amene sanalandire update imeneyo. Windows 7, imene ikadapezeka m'mashopu ena otaipira makalata, inasiya kulandira ma update pa 14 January 2020, ndipo Windows 10 inafika pa mapeto omwewo pa 14 October 2025, kupatula kwa amene analembetsa m'ndondomeko yoonjezera nthawi.

Chimene chimakulitsa vutoli kwathu kuno n'chakuti kompyuta imodzi imatumikira anthu ambiri. Pa shopu yosindikiza makalata pa boma, fulashi ya wophunzira wa ku koleji ya aphunzitsi imalowa pamene pangochoka fulashi ya mlembi wa mpingo, ndipo ikachoka pamalowa memori khadi ya munthu wofuna nyimbo. Vairasi ija ya shortcut imayenda motere. Imabisa mafoda enieni n'kuika m'malo mwake tizithunzi tofanana nawo tokhala ndi kamuvi pakona. Munthu akadina, foda imatsegukadi, koma nthawi yomweyo kapulogalamu kobisika kamadzuka n'kukhazikika m'kompyuta, kudikira fulashi yotsatira. Ambiri amathamangira kufomata fulashiyo poganiza kuti mafayilo awo adyedwa, chonsecho alimo, angobisidwa, ndipo amaoneka munthu akauza Windows kuti ionetse mafayilo obisika onse. Koma za shortcut n'zazing'ono poyerekeza ndi zimene zimachitika kasitomala akapempha kulowa mu imelo yake pa kompyuta ya pa shopupo kuti asindikize kalata yofunsira ntchito, Chrome n'kufunsa ngati isunge pasiwedi, iye n'kuvomera mosaganizira. Ngati kompyutayo ili ndi pulogalamu yoba zinsinsi, kasitomalayo waluza akaunti yake chifukwa cha CorelDRAW imene sanaike iye. M'kuona kwanga mwini shopu ali ndi udindo waukulu pamenepa, popeza zimene zili m'kompyuta yake ndi za anthu ena, ndipo dziko lino lili nalo tsopano lamulo la Data Protection Act la 2024, limene limafuna kuti osunga zinsinsi za anthu aziziteteza.

Pa foni za Android nkhani ndi yomweyi. Anthu amapatsirana GB WhatsApp, FMWhatsApp ndi YoWhatsApp pa Xender kapena Bluetooth chifukwa zimalola kuona uthenga wofufutidwa ndi kubisa kuti munthu ali pa intaneti. Eni WhatsApp sanazivomereze, ndipo amatseka maakaunti a ena ozigwiritsa ntchito. Mu August 2021 kampani ya Kaspersky inapeza pulogalamu yoipa yotchedwa Triada mkati mwa mtundu wina wa FMWhatsApp, imene inkatha kuwerenga ma SMS ndi kulembetsa munthu ku zinthu zolipira iye osadziwa, ndipo mu 2022 inapezanso zofanana mu YoWhatsApp. Foni yomweyo ndi imene ili ndi Airtel Money, Mpamba kapena Mo626, ndipo nambala zotsimikizira za ku banki zimafikira momwemo. Pulogalamu yoonerera mpira waulere ikapempha chilolezo chowerenga mauthenga, kapena cha Accessibility chimene chimailola kuona ndi kudina chilichonse pa sikirini, iyenera kukanidwa ndi kuchotsedwa.

Tsono munthu achite chiyani, popeza ndalama ya laisensi palibe? Crack yambiri imene imaikidwa pa Windows ndi yosafunika n'komwe. Malaputopu ambiri a HP, Dell ndi Lenovo amene anagulitsidwa ndi Windows 10 kapena 11 ali ndi laisensi yolembedwa mkati mwa makina momwemo, moti munthu akaikamo Windows yoyera ya mtundu woyenera, Home kapena Pro malinga ndi mmene inagulidwira, imadzitsimikiza yokha ikalumikizidwa pa intaneti. Wokonza amene amaika Pro pa kompyuta iliyonse chifukwa ndiyo ili pa fulashi yake amasiya laisensi yeniyeni n'kuikapo yabodza. Windows yoyerayo imapezeka pa webusaiti ya Microsoft, imafuna fulashi ya 8 GB ndi bandulo yokwanira kamodzi kokha. Ngakhale pamene laisensi palibe, Windows 11 imagwirabe ntchito yosatsimikizidwa: pakona ya sikirini pamakhala mawu okumbutsa, kusintha maonekedwe kumaletsedwa, koma ma update achitetezo amabwera. Laisensi imafunikabe mwalamulo, koma pamene munthu akusonkhanitsa ndalama, mawu okwiyitsa pakona ndi vuto laling'ono kusiyana ndi activator.

Pa ntchito zina zonse alipo mapulogalamu aulere mwalamulo. LibreOffice imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel ndipo sifuna intaneti; GIMP ndi Krita ndi za zithunzi, Inkscape imagwira ntchito zambiri za CorelDRAW, Kdenlive ndi Shotcut zimadula mavidiyo, Audacity ndi ya mawu, ndipo laputopu yakale imene Windows 11 ikuikana ikhoza kupitiriza ntchito ndi Linux Mint kapena Ubuntu, amene akulandirabe ma update, bola munthu ayambe waona ngati pulinta yake ikugwirizana nazo. Kunena kuti zonsezi n'zofanana ndendende ndi zogula kungakhale kunama. Chikalata chokhala ndi matebulo ambiri chimatha kusokonekera pochoka ku Word kupita ku LibreOffice, ndipo amene manja ake anazolowera Photoshop amachedwa masabata oyamba. Koma ntchito zambiri za pa shopu, za ku sukulu ndi za ku mpingo ndi makalata, ma CV, maripoti ndi timabuku ta ndalama, ndipo zimenezi sizifuna pulogalamu yakuba. Chenjezo ndi lakuti akuba amapanganso mawebusaiti onamizira a mapulogalamu aulere omwewa n'kulipira kuti aoneke pamwamba pa Google ngati zotsatsa malonda, choncho dzina la webusaiti liwerengedwe bwino musanadine.

Amene sangathe kusiya pulogalamu yothyoledwa, chifukwa chakudya chake chikuchokera pamenepo, aione kompyutayo ngati yodwala kale. Asalowerepo mu imelo, ku banki, pa Facebook kapena pa WhatsApp Web, ndipo ngati n'kotheka isamalumikizidwe pa intaneti n'komwe. Makasitomala azitumiza zikalata zawo ngati PDF ku nambala kapena imelo ya shopuyo m'malo molowetsa fulashi kapena kutsegula maakaunti awo. Pa kompyuta iliyonse, ntchito za tsiku ndi tsiku zizichitikira pa akaunti wamba yopanda mphamvu za administrator, kuti pulogalamu ikafuna kudziika izipempha pasiwedi imene ana ndi antchito alibe. Windows iuzidwenso kuti izionetsa mathero a maina a mafayilo, chifukwa fayilo yooneka ngati CV.pdf ikhoza kukhala CV.pdf.exe. Defender yoyatsidwa ndi yolandira ma update ndi yokwanira kwa anthu ambiri, ndipo imaposa kutali antivirus yodula imene nayonso yaikidwa ndi crack, chinthu chimene chimachitika kawirikawiri kuposa mmene munthu angaganizire.

Mankhwala enieni a ransomware ndi kukhala ndi mafayilo kwina. Mafayilo akopedwe pa hadi disiki yosungira kamodzi pa sabata, kenako izulidwe, chifukwa imene imakhala yolumikizidwa nthawi zonse imatsekedwa limodzi ndi kompyuta. Zikalata zofunika kwambiri, zimene nthawi zambiri sizikhala zazikulu, zikhoza kukhalanso pa Google Drive, imene imapereka 15 GB kwaulere. Imelo ikhale ndi pasiwedi yakeyake imene sigwira ntchito kwina kulikonse, ndipo imelo, Facebook ndi WhatsApp zikhale ndi chitsimikizo chachiwiri choyatsidwa, chija chofunsa nambala ina yapadera. Ngakhale sichiletsa wakuba ma cookies, chimatsekera kunja amene waba pasiwedi yokha.

Zikachitika, dongosolo la kachitidwe ndi lofunika. Kompyutayo ichotsedwe pa intaneti nthawi yomweyo, zikalata ndi zithunzi zokha zikopedwe, mapulogalamu onse ndi mafayilo oikira mapulogalamu asiyidwe, kenako iikidwe Windows yoyera, popeza kungoipukuta ndi antivirus sikutsimikiza kuti zonse zatuluka. Mapasiwedi asinthidwe kuchokera pa foni kapena kompyuta ina yoyera, osati pa yodwalayo, kuyambira ndi wa imelo, ndipo mu akaunti iliyonse musankhe kutulutsa zipangizo zonse zimene zinalowamo, chifukwa zimenezi ndi zimene zimathetsa mphamvu ya ma cookies obedwa. Pa WhatsApp muone pa Linked devices ngati pali kompyuta yachilendo. Mafayilo otsekedwa ndi ransomware asafufutidwe, asungidwe padera, popeza webusaiti ya No More Ransom, imene inayambitsidwa mu 2016 ndi Europol (bungwe la apolisi a ku Ulaya), apolisi a ku Netherlands ndi makampani achitetezo, imaonjezera zida zaulere zomasulira nthawi ndi nthawi. Ngati ndalama zakhudzidwa, banki kapena kampani ya foni iuzidwe tsiku lomwelo, abale ndi makasitomala achenjezedwe kuti asatumize kanthu kwa aliyense wopempha m'dzina lanu, ndipo nkhaniyo ikanenedwe ku polisi ndi ku mwCERT, nthambi ya MACRA yoona za ngozi za pa makompyuta, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, lomwenso limaletsa kulowa m'kompyuta ya munthu popanda chilolezo ndi kufalitsa mavairasi.